Chithunzi Chija Unajambulira Mbali ya Amuna

Tupokiwe mwana wanga,

Wapita kokalukitsa tsitsi, ndipo ndikudziwa kuti subwera msanga poti mtsikana uja amaluka ndi pakamwa. Ine kuno ndasesa pakhonde posada, ndapinda zovala zako n'kuzipindulanso, ndateleka mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija, n'kuiwala mchere. Kutentha kwa lero ndiye usanene, nkhuku zangokhala pansi pa mango kukamwa yasa. Ndayesa kutsamira pang'ono, thupi lakana. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe, chifukwa tikamayankhulana pamaso umandidula ndi Chizungu, ine n'kupsa mtima, nkhani n'kuthera pa "basi amayi, ndamva". Pepala sungalidule mawu.

Ndisanayambe kukulalatira, ndinene kaye kuti ndakunyadira. Kwathu ku Ntchisi sitinazolowere kuyamika mwana pamaso, timaopa kuti atupa, koma lero ndanena. Mwana amene ndinkamubereka kumbuyo popita kokabaya ana katemera, tsopano akukwera ndege kukachita maphunziro a udokotala pa za moyo wa amayi ndi abambo m'midzi. Tsiku lija unandionetsa pafoni mayina a anthu ophunzira a kumayiko akutali amene atchula kafukufuku wako m'zolemba zawo, ndinangoti "chabwino" n'kupitiriza kusankha mpunga, koma utatuluka ndinalowa kuchipinda n'kuvina ndekha. Utayankhula pawailesi ndinakweza mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Choncho zimene ndilembe apa usaziwerenge ngati za munthu wansanje.

Nkhani yanga ndi ya mphasa ija ya kwa Vinthukutu. Ndiibwereza kuchokera poyamba ngakhale ukuidziwa, chifukwa masiku ano ukamaifotokozera alendo umayambira pakati. Unapita ku sikimu ya mpunga ija kukafufuza chifukwa chimene amayi sankabwerera ku misonkhano ya komiti ya madzi. Alangizi ankati amayi akuno ndi amanyazi, ena ankati ndi aulesi. Chonsecho mapuloti a amayi amasiye ndiwo ali kumapeto kwa ngalande, kumene madzi amafika atatopa, ndipo chaka ndi chaka mpunga wawo unkapsa ukadali ndi mimba. Iwe unakhala kumeneko miyezi ukudya kondowole wa eni, mpaka unaona chimene aliyense ankachiona koma osachiwerengera. Amayiwo ankabwera ndithu, koma ankaima kuseri kwa nyumba yosungira mbewu, chifukwa m'shedi ya msonkhano munkakhala apongozi awo aamuna. M'mabanja a kumeneko, monganso kwao kwa malemu abambo ako, mkamwana, ndiye kuti mkazi wokwatiwa pamudzipo, sayang'anana ndi apongozi ake aamuna, sakhala nawo poonana, ngakhale dzina lawo salitchula. Unawauza amayiwo zimene unapeza. Si iwe unapachika mphasa, kumbukira zimenezo. Anaipachika okha pakati pa shedi, amuna uku, iwo uku, ndipo anayamba kuyankhula tsiku lomwelo.

Ulendo wina unanditenga, ndinakaona ndi maso anga. Ndinamva a Nyakaonga, mayi wamasiye wamfupi uja, akutsutsana ndi apongozi awo amene ndi wapampando wa komiti. Sanawaone, sanawatchule. Ankangoti, "Auzeni akumpando kuti madzi a sabata yatha sanafike kwathu. Ngati akukana, apite akaponde okha, tione ngati abwere ndi matope kuphazi." Mdala uja anakhosomola, amuna anaseka, koma madzi anatsegulidwa. Chaka chotsatira anasankha a Nyakaonga kuti azisunga kiyi wa geti la madzi. Mpunga umene ndinkasankha tsiku unkandionetsa foni lija unachokera pa puloti yawo, kumapeto kwa ngalande.

Tsono Lachiwiri lapitali a Nyakaonga anabwera kuno ku boma kudzagulitsa mpunga, napatukira kunyumba kuno iwe utachoka. Anakana mpando, anakhala pansi pakhonde. "Anesi, mwana winu wali nkhu?" Nditawauza kuti wapita kokajambulitsa mapepala a ulendo, anandifotokozera m'Chichewa chawo chopindika chija. Kunabwera achinyamata awiri a bungwe lina, mnyamata ndi mtsikana, pa galimoto yoyera. Akufuna kuwaka ngalande ndi simenti kuti madzi asamatayike m'njira, ndipo palibe amene angakane zimenezo. Koma anati pa msonkhano wa Lachisanu mphasa ichoke, amayi ndi abambo akhale mosakanikirana, chifukwa kafukufuku wasonyeza kuti amayi a kumeneko amabisidwa kuseri kwa mphasa. A Nyakaonga atafunsa kuti kafukufuku wa ndani, anawaonetsa pepala lokhala ndi chithunzi cha mphasa yawo yomwe, n'kuwauza kuti, "Wa mwana wanu wa konkuno." Ndiye anandiyang'ana ine n'kuti, "Akachotsa mphasa, ine ndikasiya kiyi pa benchi, ndibwerere kuseri kwa nyumba ya mbewu. Maso ndi maso ndi atatavyala, apongozi anga? Ana anga andiona bwanji?" Si iwo okha. Akamwana onse atuluka nawo, ndipo ngalande ya simentiyo izithamangitsira madzi ku mapuloti a kumtunda monga kale.

Nditakuuza madzulo ake, unali ukuyesa jekete pagalasi. Unati, "Amayi, ine ndinalemba zoona. Zimene ena achite nazo si mlandu wanga. Ndikafika ndidzawalembera imelo." Mwanawe, Lachisanu ndi mawa. Imelo yakoyo idzafika mphasa atayanikapo kale chinangwa. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale m'malo, ndikungoyendayenda m'nyumba muno ngati nkhuku yofuna poikira.

Ndikuuze za tsiku limene ndinafika koyamba kwao kwa abambo ako ku Lupembe. Ndinali namwino wongotuluka kumene kusukulu, boma litanditumiza kuno kumpoto ndisakudziwa ngakhale "yewo". Kwathu amene amathawa apongozi ndi mkamwini, mwamuna. Akaona mayi a mkazi wake panjira amalowa kutchire, ife atsikana n'kumamuseka. Sindinaganizepo kuti kwina zingatembenuke. Abambo ako anandiuzako m'basi, koma ndinayesa nthabwala. Titafika ndinaona mdala wamtali atakhala pampando pansi pa nthochi, ndinapita molunjika, ndinagwada bwinobwino monga anandiphunzitsira amayi anga, n'kutambasula dzanja. Mdala anadzuka ngati wakhalira moto, mpando n'kugwa. Amayi amene ankasenda nthochi anafunda zitenje kumaso. Azakhali a abambo ako anandikoka chamkono mpaka kukhitchini, ndipo mbuzi inafa tsiku limenelo kuti nkhani ithe. Ine ulemu ndinali nawo wodzaza manja onse awiri, koma unali ulemu wa ku Ntchisi.

Ndiye ukakafika kumeneko kwa azungu, usakafulumire kutambasula dzanja. Kaone kaye amene wakhala pati, amene akuyankhula, amene sakuyankhula, ndipo ukafunse chifukwa. Izi sindikuyenera kukuphunzitsa, ndi zimene unachita kwa Vinthukutu mpaka dzina lako linamveka. Ndikungokukumbutsa kuti achinyamata a galimoto yoyera aja si anthu oipa. Ali ngati ine tsiku lija, atagwada ndi ulemu wa kwao. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinali ndi azakhali ondikoka mkono, pamene iwo akukokedwa ndi pepala lako.

Ina ndi iyi, ndipo iyi unali utabadwa, uyenera kuti ukuikumbukirako. Pamene ndinkagwira ntchito pa chipatala chaching'ono chija cha kufupi ndi Chilumba, zinkandiwawa kuona amayi apakati akubwera okha kusikelo, amuna awo osadziwa ngakhale mwezi wochira. Pa msonkhano wa ogwira ntchito ndinati, bwanji amene wabwera ndi mwamuna wake azionedwa poyamba? Onse anawomba m'manja. Zinayenda bwino, amuna anayamba kubwera, akuluakulu a ku boma anandiyamika, ndipo anzathu a zipatala zina anatengera. Koma pofika uko mawu anga anali atamera mano. Kwina anayamba kubweza mayi aliyense wobwera yekha. Tsono kuno amuna ambiri ndi asodzi, amakhala pamadzi, ena ali ku Tanzania, ena kulibe n'komwe. Tsiku lina ndikufunsa bambo wina kuti mkazi wake ali ndi ana angati, iye akuyang'ana kudenga. Ndinamuyang'anitsitsa, ndinamuzindikira, anali wa kabaza wa pasiteji, ndipo sabata yomweyo anali atabwera kale ngati mwamuna wa mayi wina. Tinaseka mpaka misozi. Koma amayi amene analibe wa kabaza wowaperekeza anangosiya kubwera, ndipo ena tinakumana nawo mochedwa, zinthu zitavuta. Pamenepo panalibe choseketsa.

Ndikanatha kunena ngati iwe kuti ine ndinanena zabwino, zimene ena anachita nazo si mlandu wanga. Zinali zoona. Koma mawuwo anali anga, ndipo panalibe wina amene akanamvedwa powabweza. Ndinakwera njinga kuzungulira zipatala zija, mnzanga ndi mnzanga, kunena kuti ayi, sindinatanthauze choncho. Ena anamva, ena anandinena kuti ndine wosinthasintha. Walira mvula walira matope, Tupo. Unkafuna kuti kafukufuku wako asathere m'kabati ya ku yunivesite, ndipo Mulungu anakumva, wayenda mpaka kumene iwe sunafikeko. Tsopano wabwerera kwao pa galimoto atasintha nkhope, ndipo amene angamudziwe ndi iwe mwini wake.

Usaganize kuti ine ndimaikonda mphasa. Apa ndipo ndikufuna undimvetse, chifukwa ndikudziwa uyankha kuti amayi akalamba, ayamba kuteteza miyambo. Mphasa ndimadana nayo kuposa iwe. Abambo ako atamwalira, abale ena anayamba kuyang'ana nyumba ino ndi malata ake. Agogo ako, mdala uja ndinamugwetsera mpando, anabwera kuno, anakhala kuseri kwa mpanda wa bango, ine mkati. Anayankhula ngati akuuza mtengo. "Muuzeni mama wa ku Ntchisi kuti pano sachoka. Wofuna lata adzayambe kuzula la nyumba yanga." Palibe anabweranso. Zaka zonse zija sindinaonepo nkhope yawo bwinobwino, koma palibe mwamuna wa kwa abambo ako amene anandimvera monga iwo. Ndinkawauza zonse kudzera pa mpanda, za fizi yako, za matenda ako, ngakhale zowatsutsa, ndipo ankamva.

Kenako anadzibaya ndi chitsa kuphazi ali kumunda. Anali ndi shuga. Ine namwino, mabandeji ali m'chikwama, ndinakhala kunja kwa chitseko n'kumafunsa kuti bala likuoneka bwanji. Iwo ankati, "Muuzeni kuti ndi kachilonda chabe." Ndinatuma azakhali ako kuti akaone, anabwera n'kuti pali bwino. Fungo ndi limene linandiuza zoona, ndipo pofika kuchipatala mwendo unali utapita. Sanabwerereko kumudzi. Mpaka lero ndikaona mphasa yopachikidwa mtima umandiwawa. Ndiye ndikamati mphasa ya kwa Vinthukutu isachoke mawa, sindikunena kuti ikhale mpaka kalekale. Tsiku lidzafika, mwina ana a a Nyakaonga adzaipinda okha. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Oipachika ndiwo adziwe tsiku loichotsa, osati mlendo wofuna chithunzi chokaonetsa kwa omutuma.

Za chithunzi zomwezi. Dzulo ndinatenga pepala lako lija pa tebulo, ndinavala magalasi. Chizungu chake chinandilemera, sindinama, koma chithunzi sichifuna sukulu. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali ndikudzifunsa chimene chikundisowetsa mtendere, kenako ndinachiona. Unajambula utaima mbali ya amuna. Akuoneka ndi madala atakhala pa mabenchi, wapampando ali ndi kope, kumbuyo kwawo mphasa, ndipo pansi pa mphasa pakungotuluka mapazi a amayi. Mapazi okha, Tupo. Munthu wa kutali akaona zimenezo aganiza chiyani? Nanenso ndikanati amayi awa atsekeredwa. Ndikudziwa chifukwa chake unaima kumeneko, anakupatsa mpando wa alendo, ndipo mpando wa alendo umakhala kwa amuna. Koma ukanazungulira kuseri, ukanajambula zimene ndinaona ine: a Nyakaonga ataima, chala chili m'mwamba, kiyi ali pakhosi, anzawo akuwakoka chitenje kuti anenenso za chakuti. M'kati mwa pepalalo mwina unafotokoza zonsezi, ndikukhulupirira unatero. Koma anthu otanganidwa sawerenga, amaona chithunzi n'kuliza galimoto.

Ndaimirira kukaona mphika, ndabwereranso. Pali zambiri zimene ndimafuna kukuuza ndipo zikungondithawa. Kwa azungu kumeneko akuti kumazizira mpaka makutu kuuma, iwe mwana wa ku Karonga amene umafunda bulangete ku Mzuzu, usakachite manyazi kuvala zambiri. Usipa ndaukulunga m'mapepala, koma akakakuletsa pabwalo la ndege usakakangane nawo, ukawasiyire. Ukadwala ukanene msanga, usakakhale ngati agogo ako. Uziimba foni Lamulungu, ngakhale ulibe nkhani. Akakakuitana kukayankhula za amayi a kwanu pamaso pa anthu ovala bwino, ndipo adzakuitana kambiri, uziyankhula ngati a Nyakaonga akhala kumbuyo akumva Chizungu chonse. Akakakuombera m'manja chifukwa wawamvetsa chisoni, ukachite mantha. Ndipo ukakalowa pamalo alionse n'kukupatsa mpando wa alendo, uzikumbukira kuti pali mbali ina imene sukuiona.

Tsopano ndinene chimene ndachita, ukwiye bwino uli ndi chifukwa. Unandituma kukagula tikiti ya basi ya mawa m'mawa yopita ku Lilongwe. Ndagula ya mkuja, ndipo yokwerera pa Chilumba, osati pano pa boma. Ndege yako ndi ya sabata ya mawa, ndinaona pa pepala, sindine chitsiru, ukafika nthawi ilipo. Chimene wataya ndi tsiku lija unati ukatsanzikane ndi anzako a ku yunivesite ndi kugula nsapato. Anzakowo ali ndi mafoni, adzakukhululukira. Mawa m'mawa tikwera minibasi tonse awiri ndi masutikesi ako, titsika kwa Vinthukutu, ndipo tikagona kwa mnzanga uja tinkagwira naye ntchito ku Chilumba. Ndamuimbira kale.

Sindikukuuza zokanena pa msonkhanowo, wophunzira ndiwe. Achinyamata aja ine sangandimvere, ndine nesi wopuma ntchito. A Nyakaonga nawonso achinyamatawo sangawamvere, poti pepala lawauza kale kuti a Nyakaonga ndi munthu wobisidwa. Amene angamumvere ndi mwini wa dzina lili pamwamba pa pepalalo. Mwina akakana ndithu, mwina ngalande ya simenti ipita kwina amayi aja n'kukuda chifukwa cha zimenezo. Sindikudziwa, ndipo n'chifukwa chake sindikukhazikika. Koma sindingalole kuti ukwere ndege ndi mbiri imene amayi aja anakupatsa, iwo atabwerera kuseri kwa nyumba ya mbewu.

Ukhoza kukana. Ndiwe wamkulu, minibasi zopita ku Mzuzu zimanyamuka m'mawa uliwonse, ndipo sindingagone pakhomo kukutsekereza. Ukakana ndidzakuperekeza kudepoti, ndidzakupempherera monga mwa masiku onse, ndipo kwa Vinthukutu ndipita ndekha. Ndikakhala kuseri kwa mphasa mpaka aichotse ndikuona.

Koma ukavomera, tikakafika usakakhale pa benchi ya alendo ngakhale akaipukute ndi mpango. Ukazungulire kuseri, ukatenge foni yako ija imene imawerenga mayina a azungu, ukajambule kuchokera kumeneko. Kenako ukaitane achinyamata aja, makamaka mtsikanayo, adzakhale nawe pansi amve madzi akugawidwa. A Nyakaonga potsanzika Lachiwiri anafunsa ngati akusungire malo pa chiguduli pambali pawo. Ndinawauza kuti asunge.

Ndikumva mawu ako kumsewu ukutsanzikana ndi woluka uja. Kalatayi ndikuiika pamwamba pa jekete. Ndikathire mchere.

Ndine mayi wako,
amene unatengera makani